Adada Shaba ndi Tintchentche ta M'khitchini Mwanga

Adada Shaba, bambo a amuna anga, anamwalira Lachiwiri m'mawa atangomaliza kutsuka kapu yawo. Anamwa tiyi pakhonde monga mwa masiku onse, anatsuka kapu ndi supuni, anaziyanika pathandala, kenako anabwerera pampando n'kukhala. Amama, akazi awo, anawapeza mutu utapendekera paphewa, chipewa chili pabondo. Anawaitana kawiri. Kachitatu sanaitanenso, anangowagwira dzanja.

Sabata yatha takwanitsa chaka chimwalirire iwo. Ndinene zoona, uthenga utatipeza kuno ku Boma ndinalira ndithu, koma pansi pa mtima panali kupepuka, ndipo sindinali ndekha. Madalawo ankaopa chinthu chimodzi chokha pa moyo wawo: kugona pamphasa n'kumatembenuzidwa ndi anthu. Mkulu wawo anagona zaka zitatu atafa ziwalo, ndipo ankamusambitsa ndi kumudyetsa anali iwowo. Kuchokera pamenepo pemphero lawo, ngakhale la pachakudya, linkathera pa kupempha kuti tsiku lawo lidzawapeze ali chikhalire, atasamba okha. Pamaliro Amama anauza azimayi amene anawazungulira kuti, “Chiuta wamupulika,” kutanthauza kuti Mulungu wamumva. Analira pang'ono, kenako anayamba kufunsa ngati alendo a ku Edingeni adya.

Ine ndine wa ku Dedza, kuno amanditchula NyaPhiri. Nditangofika kumudzi kwa amuna anga, kuseri kwa Embangweni, alamu anga aakazi anandikhazika pansi n'kundiyalira malamulo. Ndinali mkamwana, ndiko kuti mkazi wa mwana wa pakhomopo. Mkamwana satchula dzina la apongozi aamuna. Sadya iwo akuona. Akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada. Nawonso apongoziwo salowa m'khitchini ya mkamwana, ngakhale nyumba itayamba kupsa. Ndinamvera zonsezo, ndipo kwa zaka zambiri Adada ndinkawadziwira patali, monga timalidziwira phiri.

Anali munthu wamfupi, woonda, wa malaya oyera nthawi zonse, kathaulo kali paphewa. Unyamata wawo anauthera ku Ndola, m'khitchini ya hotela, ndipo atabwerera kumudzi anaphikira atsikana a sukulu ina yogonera komweko mpaka kupuma. Loweruka lililonse ankawenga zikhadabo ndi lezala atakhala padzuwa. Chilichonse chimene wawapatsa, kaya ndi mbale, kaya ndi mpando, kaya ndi kalata, ankayamba achinunkhiza. Akadutsa pakhomo pa munthu n'kuona ndowa ya madzi ili yasa, ankapatuka osaodira n'komwe, n'kuivundikira ndi chilichonse chimene apeza, basi n'kupitiriza ulendo. Pamaliro ndi paukwati amuna anzawo akakhala pansi pa mtengo kukamba za mitengo ya fodya, iwo ankapezeka kuseri kumene kukuphikidwa, manja kumbuyo, akuzungulira miphika. Azimayi akawaona akubwera ankanong'onezana kuti bwana wafika, aliyense n'kuyamba kusakasaka chivundikiro.

Anali ndi mawu awo amene mudzi wonse unawaloweza. Ankati uve umene ukuuona sunaphepo munthu, wakupha ndi umene uli kuseri kwa kabati. Ankati chivundikiro n'chotsika mtengo kuposa ulendo wa kuchipatala. Wophika amene amalawa kawiri ndi supuni imodzi osaitsuka ankamuika m'gulu limodzi ndi mfiti. Za ntchentche ankati si mlendo wongodutsa, imabwera poti pali amene waiitana.

Munthu wotere kukhala naye nyumba imodzi si nkhani yamasewera, ndipo amene anasenza mtolowo ndi Amama NyaMoyo, mayi wamtali wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Ankakangana za mchere, za nsanza yopukutira mbale, za mphaka wogona pafupi ndi mafuwa. Amuna anga amasimba kuti tsiku lina, iwo ali ana, Adada anavundukula mphika wa nyemba uli pamoto, ananunkhiza, n'kufunsa ngati nyembazo zinasankhidwa kapena zinangothiridwa ndi miyala yomwe. Amama ananyamula chivundikiro n'kuchiponya, chinadutsa pamwamba pa mutu wa Adada n'kukagwera m'khola la ng'ombe. Adada anakachitola, anachitsuka kawiri, anachibwezera pamphika. Mwezi womwewo anaumba njerwa n'kudzimangira kakhitchini kawokawo kumapeto kwa bwalo. Anthu anaseka kuti mwamuna wa Chingoni wasiya ng'ombe n'kukwatira mbaula, koma iwo sanasamale. Kuyambira pamenepo pakhomopo pankafuka utsi uwiri. Masana aliwonse Adada ankatumiza mbale ya ndiwo zawo kwa Amama, Amama n'kutumiza yawo kwa Adada, ndipo aliyense ankadya ya mnzake mpaka kunyambita chala, akuinyoza.

Nkhani imene ndikufuna kusimba inachitika zaka zingapo asanamwalire, nthawi ya mango. Ndili ndi kantini pafupi ndi pokwerera maminibasi pa Boma. Ndinaiyamba ndi beseni la zitumbuwa pamutu, ndipo pofika nthawi imeneyo inali ndi matebulo anayi, firiji, ndi mayi mmodzi wachikulire wophika nane, NyaZgambo. Tinkagulitsa mpunga, tchipisi, zitumbuwa ndi juwisi wa mango wofinya tokha. Chaka chimenecho mango anabereka mosaneneka, masuku nawo anali mbwee, ndipo kunkatentha ngati mvula yaiwala njira.

Tintchentche tinayamba tiwiri titatu pa lichero la nthochi. Sindikunena ntchentche zikuluzikulu zija ayi, koma tating'ono ngati njere ya mawere, tofiira maso, touluka mwaulesi. Kuno amati tumembe. Pasanathe sabata tinali ponseponse. Ukakhudza lichero tinkadzuka ngati utsi. Tinkatera pamilomo ya mabotolo, pa shuga, pankhope. Dalaivala wina wa minibasi anapeza titatu mu juwisi wake, anativuula ndi kamtengo ka machesi n'kutiyala patebulo kuti anzake aone. Sanakalipe, anangoseka, koma tsiku lotsatira tebulo la madalaivala linali lopanda munthu. Ndinagula mankhwala opopera, ndinkapopera m'mawa ndi madzulo mpaka mpunga unayamba kumveka fungo lake ndipo NyaZgambo anayamba kutsokomola. Tintchentcheto tinkagwa pansi ndithu, ndinkatisesa, koma m'mawa mwake tinkakhala tochuluka kuposa dzulo.

Lachitatu lina kunabwera mayi wa zaumoyo, wa aja oyendera malo odyera. Sanali wankhanza. Anaima pakati pa khitchini, akukupiza dzanja pamaso pake, nanena mofatsa kuti adzabweranso Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo akadzapeza zili chomwecho adzatseka. Ndinawerenga zala: masiku asanu ndi anayi. Kantini imeneyo ndi imene inkaphunzitsa ana anga. Komanso m'tauni yaing'ono ngati ino, kutsekeredwa chifukwa cha uve ndi dzina limene umafa nalo. Ndinkawamva kale anthu akuti, mkazi wa ku Dedza uja.

Nthawi imeneyo Adada anali kwathu. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala, ndipo ankadikira madokotala a maso amene ankayembekezeka kuchipatala sabata yotsatirayo. Amuna anga anali ku Mzuzu ku maphunziro a aphunzitsi. Popeza kunyumba kunkakhala kopanda munthu, Adada ankabwera kudzaswera pabenchi ya kunja kwa kantini, ndodo pakati pa miyendo, ndipo NyaZgambo ndi amene ankawapititsira chakudya.

Mayi wa zaumoyo atachoka ndinakhala pakreti kuseri kwa chitseko n'kuyamba kulira. Kenako ndinamva ndodo ikugogoda simenti, go, go, go, mpaka inaima pakhomo la khitchini.

“Odi kukhitchini.”

Ndinatsika pakreti n'kugwada. “Yewo, Adada.”

“Mkamwana, zonse ndamva pabenchi apo. Ndapota chomene, lekani kupopera mankhwala ayo. Mukupha amene akuuluka, koma amene akubadwa mwawasiya. Ndiloleni ndilowe.”

NyaZgambo anagwetsa mpeni. “Adada! M'khitchini ya mkamwana? Yayi, zimenezo sizinachitikepo. Anthu adzati chiyani?”

“Mwambo umaletsa kuti ndione mkamwana akuphika,” anatero Adada. “Ine ndi ng'ala izi ndikuona ndani? Iwe amene NyaZgambo ndikungokumva fungo la anyezi.”

Komabe poyamba anayesa kusunga theka la mwambo. Anati ine ndituluke ndikaime panja pawindo, iwo alowe. Ndinawayang'ana akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, mphuno patsogolo, akuima, akuwerama, akupitirira. Patapita kanthawi anaitana.

“Mkamwana, mphuno yapeza koma maso akukana. Lowani, mukhale maso anga.”

Ndinamanga bwino chitenje n'kulowa chowerama ngati ndaba. Kanali koyamba kuima pafupi nawo chotero. Ankanunkhira sopo wochapira.

Analoza ndi ndodo chikolopa chimene chinali m'ndowa kuseri kwa chitseko, nati ndichitengere padzuwa ndichiyang'anitsitse. Ndinachitambasula. M'mapindo mwake munali timphutsi toyera, tating'ono ngati nyenyeswa za mpunga, tikuyenda. Analozanso makreti a mabotolo opanda kanthu, momwe munali timadzi totsekemera totsalira pansi. Analoza dzenje la sinki. Analoza thumba la anyezi, ndipo titalikhuthula pansi pake panali anyezi atatu osungunuka. Mango amene ine ndinkawaimba mlandu anati alibe chifukwa chachikulu, anali malo odyera chabe. Kogona ndi koberekera kunali kwina.

Anafotokoza atakhala pa kreti ija ndinkalirirapo. Kantchentche kameneka kamaikira mazira pachinyontho chilichonse chimene chayamba kusasa, ndipo kukamatentha chonchi, dzira limasanduka kantchentche kouluka m'sabata imodzi yokha. Choncho masiku asanu ndi anayi anali okwanira, koma pokhapokha titapeza zisa zonse tsiku lomwelo.

Tinatseka kantini masana amenewo. Chikolopa anati tiotche, tisachape. Mabotolo onse tinawatsukuluza n'kuwazondotsa. M'sinki tinathira madzi owira ketulo ziwiri, ndipo analamula kuti tizitero m'mawa ndi poweruka, kenako tizitseka dzenjelo. Zipatso zizitsukidwa zikangofika kuchokera kumsika, ziume, zilowe m'ndowa yomangidwa nsalu kukamwa. Makoko asagone m'nyumba ngakhale ola limodzi, apite kudzenje n'kuwazidwa phulusa. Matebulo tisamangowapukuta, tiziwaumitsa.

Kenako anapanga misampha. Ine ndinati ndithamange kugolosale ndikagule viniga, koma anakana. Anati viniga woyera wa m'sitolo satinyenga kwenikweni, timafuna chinthu chonunkhira ngati chipatso chimene chayamba kuola. Anatuma NyaZgambo kwa mayi wina wogulitsa chindongwa, thobwa la kuno, kuti akapemphe chotsala cha dzana chimene chasasa. Anathira pang'ono m'mabotolo asanu otakata kukamwa, kufika msinkhu wa zala ziwiri, n'kuponyamo kachidutswa ka khoko la nthochi. M'botolo lililonse anadonthezamo dontho limodzi la sopo wotsukira mbale. Anati madzi ali ndi kakhungu pamwamba kamene kantchentche kamaimapo n'kumamwa bwinobwino, koma sopo amang'amba kakhunguko, ndiye kakangotera kamamira. Pomaliza anapempha mapepala a m'kope lakale. Anawapinda mofanana ndi mmene amapindira ogulitsa mtedza wokazinga, n'kusiya kabowo kakang'ono kunsonga, n'kuwalowetsa m'mabotolo nsonga ili pansi, osakhudza madzi. Zala zawo zinkagwira ntchitoyo zokha, nkhope ili kudenga.

“Polowa m'potakata, potuluka m'popanikiza,” anatero. “Mbwenu, zatha. Tiyeni tikapume.”

M'mawa mwake pamwamba pa chindongwa m'botolo lililonse panali bii. NyaZgambo, amene dzulo lake ankang'ung'udza za mwambo, ananyamula botolo limodzi n'kuvina nalo mpaka panja. Lachisanu tintchentche tinachepa. Loweruka ndinatha kusenda mango osakupiza dzanja. Lamlungu kutchalitchi ndinaimba ndi mawu onse.

Lolemba tintchentche tinabwerera. Lachiwiri m'mawa nditatsegula chitseko ndinapeza khoma la pakona lili waa, tatsopano, totuwa, tochuluka ngati poyamba. Kunali kutatsala masiku atatu. Ndinatenga chitini cha mankhwala chija pamwamba pa kabati n'kuyamba kuchikhutchumula. Adada anamva kulira kwa chitinicho ali pabenchi, ndipo ndinangoona aima pakhomo.

“Mkamwana, ikani pansi icho.”

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sindinachitepo, ndipo sindinadzachitenso. Ndinawayankha nditaimirira.

“Adada, nzeru zanu za ku Ndola zatha. Ndataya sabata yonse ndi mabotolo a thobwa. Akatseka pano, inu mukwera minibasi kubwerera kumudzi, wotsala ndi manyazi ndine.”

NyaZgambo anagwira pakamwa. Adada anangoti, “Ndipatseniko mpando.”

Anakhala pakatikati pa khitchini. Anati titulutse mbaula, titseke chitseko ndi windo, ndipo tisalankhule. Anavula chipewa, anatsinzina, n'kuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono, akutembenuza mutu uku ndi uku. Ine ndinaima ndi chitini changa m'manja, manyazi atayamba kundigwira. Patapita nthawi anakweza ndodo n'kuloza firiji.

“M'firiji ndinatsuka dzulo, Adada,” ndinatero, tsopano nditagwada.

“Sindikunena mkati. Kuseri.”

Tinaikoka awiri ndi NyaZgambo. Firijiyo inali isanasunthepo chiigulire. Kumbuyo kwake, pansi, pamwamba pa injini, pali kambale kolandira madzi amene amadontha magetsi akazima. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Juwisi amene ankatayikira m'firiji ankatsikira mmenemo, ndipo injini inkawatenthetsa usana ndi usiku. Kambaleko kanali kodzaza phala lakuda, lonyanyuka mphutsi, ndipo m'mbali mwake munali timakoko tofiirira tosawerengeka. NyaZgambo anathawira panja. Adada anaseka mpaka kutsokomola.

“Eya! Likulu lawo ndi limeneli. Kwina konse kuja kunali kumidzi chabe.”

Tinakachotsa, tinakathira madzi owira, tinakakwecha ndi phulusa, n'kukolopa khoma ndi pansi pomwe. Adada anapinda mapepala ena anayi, tinaika mabotolo atsopano kuzungulira firiji. Za mawu anga aja sanatchule. Lachitatu mabotolo anadanso bii. Lachinayi ndinawerenga touluka tisanu tokha. Tsiku lomwelo madokotala a maso anafika, ndipo Adada anagonekedwa kuchipatala.

Motero Lachisanu mayi wa zaumoyo anandipeza ndili ndi NyaZgambo basi. Analowa, anaima pakati pa khitchini, dzanja lili chikonzekere kukupiza, koma panalibe choti akupize. Anasuzumira m'sinki. Anamasula nsalu ya pandowa ya mango, anadikira, sipanadzuke kanthu. Anatsegula kabati. Kantchentche kamodzi kanachokera kaya kuti n'kudutsa pakati pa ine ndi iye. Tonse tinakatsatira ndi maso. Kanazungulira kawiri, kanatera papepala la botolo la pawindo, kanayenda kutsika, n'kulowa.

“Ichi n'chiyani?” anafunsa mayiyo.

Ndinamufotokozera. Ananyamula botolo, analiyang'ana padzuwa, kenako anatsitsa mawu.

“Mayi, tandionetsani kapindidwe ka pepalali. Kunyumba kwanga nako tandisowetsa mtendere.”

Ndinang'amba tsamba m'kope n'kumupindira. Analiika m'chikwama, analemba zolemba zake, nati tipitirize ntchito. Atangotuluka ndinakhala pansi pasimenti miyendo tambalale, ndipo ine ndi NyaZgambo tinaseka mpaka misozi, osadziwa chimene tikuseka.

Masana ndinanyamula chakudya kupita kuchipatala. Adada ndinawapeza atagona chagada, diso limodzi litamatidwa thonje. Ndinagwada chapatali ndi bedi.

“Ndi mkamwana uyo? Ndamva fungo la tchipisi. Watseka?”

“Sanatseke, Adada.”

Anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula thumba la chimanga. “Mbwenu,” anatero. “Yewo, Chiuta.” Apa m'pamene ndinazindikira kuti nawonso masiku onsewo ankaopa.

Ndinayamba kupepesa za mawu a Lachiwiri aja, koma anakweza dzanja. Anati m'khitchini zonse zimene anagwiramo sanaonemo wophika weniweni wosakalipa, ndipo amene sakalipa ndiye kuti chakudyacho si chake. Kenako anafunsa ngati ndasintha chindongwa m'mabotolo, popeza chikapitirira masiku atatu msampha umasanduka chisa.

Nkhani inafika kumudzi iwo asanafike. Pa depoti palibe chinsinsi. Amama anawalandira ndi mawu omveka mpaka kudambo: kuti khitchini ya mkazi wawo anainyoza zaka zonsezi, yawoyawo sinawakwane, tsopano ayamba kulowa za akamwana. Abale awo aamuna anakhala pansi pa mtengo kuweruza nkhaniyo, ndipo anagamula kuti alipe nkhuku. Adada sanatsutse. Anagwira tambala wawo wamkulu, anamupha okha, anamuphika okha ndi tomato ndi tsabola pang'ono, n'kukapereka kubwaloko. Akuluakulu aja anadya mwakachetechete. Atamaliza, mmodzi wa iwo anapukuta pakamwa n'kufunsa ngati palibe mkamwana wina amene ali ndi vuto la tumembe. Mlandu unathera pomwepo. Amama anakana kudya nawo, koma akuti madzulo ake anatumiza mbale kuti awaikireko msuzi.

M'khitchini mwanga sanalowenso. Diso litapola ndinawaitana tsiku lina kuti adzaone mashelefu atsopano, koma anakana. Anati tsopano akuona, ndiye chowiringula chatha. Akabwera ku Boma ankafika pawindo la kuseri, n'kuima chammbali kuti tisaonane maso, n'kukoka mpweya kawiri katatu. Akanena kuti “Yewo, mkamwana,” ndinkadziwa kuti zonse zili bwino. Akangokhosomola n'kuchoka, ine ndi NyaZgambo tinkayamba kukoka makabati.

Ulendo wawo womaliza unali mwezi umodzi asanamwalire. Anabwera kudzagula mankhwala a ng'ombe, ndipo anakhala pabenchi nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anandiuza, akuyang'ana kumsewu, kuti miyendo yayamba kulemera ndipo dzanja lamanzere limachita dzanzi m'mawa. Anati asauzidwe amuna anga, angayambe kuwanyamula ngati katundu. Ndinasunga mawuwo mwezi wonse ndili ndi mantha, ndikumadzuka ndi chithunzi cha mphasa ija ankaiopa. Choncho lamya italira Lachiwiri lija n'kumva mmene apitira, ndinalira, koma ndinathokozanso.

Loweruka lapitali tinapita kumudzi kukaika chiliza pamanda awo. Mapemphero atatha ndipo alendo atabalalika, Amama anandikodola. Anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje chawo n'kunditsogolera kumapeto kwa bwalo. Kakhitchini ka Adada ndinali ndisanalowemo chikwatiwire.

“Lowani, NyaPhiri,” anatero. “Iye analowa mwanu.”

Ndi kachipinda kakang'ono, munthu atatambasula manja angakhudze makoma onse awiri. Pawindo anakhomapo chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, chokokedwa bwino, chopanda bowo ngakhale limodzi. Mapoto anagawidwa kwa ana aakazi, koma misomali yake ikadali pakhoma, isanu ndi iwiri, kuyambira waukulu mpaka waung'ono, ndipo pansi pa msomali uliwonse pali bwalo loyera pamene utsi sunafike. Pashelefu pali zitini zinayi zolembedwa ndi dzanja lawo: mchere, shuga, tiyi, soda. Ndinatsegula chimodzi. Chinali chopanda kanthu, chotsukidwa. Mbaula ili pakona, yopanda phulusa, ndipo pambali pake pali kampando ka miyendo itatu kamene kanasalala pakati chifukwa chokhalidwa. Pansi panali posesedwa, mizere ya tsache ikuoneka, ya tsiku lomwelo.

Potuluka ndinayang'ana khitchini ya Amama tsidya lina la bwalo. Udzu wa padenga unaphotchoka mbali imodzi, ndipo mvula yoyamba inali itanyowetsa kale khoma.

“Amama, bwanji osasamukira muno? Muno ndi mwa malata, simudontha.”

Anakoka chitseko, analowetsa loko, anamuyesa kawiri ngati wagwira.

“Yayi,” anatero, akumanga kiyi pachitenje. “Ndingamusokonezere.”